Pa mapazi a banja la Cecil: Stamford, Burghley, Hatfield, London

Lachiwiri, Stamford

Sitima yochokera ku Leicester inachedwa, ndiye ndinakhala pabenchi yozizira maso ali psuu, popeza ndinali nditangoweruka ntchito ya usiku. Tikiti yogula tsiku lomwelo kuno ndi mpala wopanda madzi, koma ndinangolimba mtima n'kulipira. Titadutsa Melton Mowbray tulo tinandiba, ndipo pakanapanda bambo wina wachikulire amene ndinamuuza kotsikira, bwenzi nditadzukira ku Peterborough. Anandigwedeza paphewa sitima itachoka pa Oakham. Kunja minda inali chikasu chokhachokha, mbewu ija amayengera mafuta ophikira.

Anzanga kuntchito akundiseka kuti tchuthi changa ndikathere kuona nyumba za azungu amene anafa kalekale. Aseke. Ine ndikutsata banja limodzi, la a Cecil, ndipo chimene chandiyendetsa muchimva tikafika ku Hatfield. Lero ndayambira kumene iwo anayambira.

Stamford ndi tauni yaing'ono ya nyumba za miyala, matchalitchi ali mbwee. Ukatsika pasiteshoni suchedwa kufika kutchalitchi cha St Martin's. Ndinapezamo mayi wina akukonza maluwa, ndipo ataona kuti ndikungozungulira anasiya lumo lake n'kundiperekeza pamanda a William Cecil, amene ambiri amamudziwa kuti Lord Burghley. Wasemedwa m'mwala atagona chagada, atavala zankhondo, ndodo ya msungichuma ili m'dzanja. Anabadwa mu 1520 ku Bourne, m'chigawo chomwechi cha Lincolnshire, namwalira mu 1598.

Kwawo sikunali kwachifumu ayi. Agogo ake, David Cecil, anachokera kumalire a England ndi Wales, nadzakhazikika muno mu Stamford n'kupeza kantchito kubwalo la Mfumu Henry VII. Bambo ake, Richard, ankasamala zovala za Henry VIII. Amene analumpha patali ndi William. Elizabeth I atalowa ufumu mu 1558 anamusankha kukhala mlembi wake wamkulu, mu 1571 anamupatsa udindo wa Baron Burghley, chaka chotsatira n'kumuika kukhala msungichuma wa dziko. Anatha zaka 40 ali pakhutu la mfumukazi. Ndi yemweyu amene anakankha zoti Mary, mfumukazi ya ku Scotland, adulidwe mutu mu 1587 ku Fotheringhay, kamudzi kamene sikali kutali ndi kuno. Mayi wa maluwa uja ananena zimenezi motsitsa mawu, mwiniwake ali pomwepo. Kenako anamukometsera mbiri: akuti atadwala mwakayakaya, mfumukazi inabwera n'kumamudyetsa yokha ndi supuni.

Chandiseketsa n'chakuti munthu wamphamvu chotere mtima sunkakhala m'malo poganiza kuti anzake akumuona ngati wobwera dzulo. Ankakhalira kujambula mizere ya makolo pamapepala, kufuna kusonyeza kuti ndi magazi a banja lakale la ku Wales la a Sitsylt.

Pafupi ndi mlatho pali nyumba za okalamba zimene anakhazikitsa mu 1597, ndipo mukukhalabe anthu. Madzulo ndadya nsomba ndi tchipisi za mapaundi 12, nditakhala m'mbali mwa mtsinje wa Welland, abakha akundilondalonda. Chipinda ndapeza pamwamba pa bala. Pansi akuonera mpira, koma mmene ndatoperamu, ngakhale atagwetsa denga sindimva.

Lachitatu, Burghley

Ndinati ndiyende wapansi kuti ndisunge za takisi. Kufika pachipata si patali, koma kuchokera pachipata kukafika panyumba ndi ulendo wina pawokha, ndipo mvula inandipeza pakati pa dambo lopanda pothawira. Nkhosa zinangondiyang'ana. Cha uko gulu la agwape linali pansi pa mitengo, osathawa munthu, chifukwa sanaonepo uta. Kulowa m'paki n'kwaulere, ndipo eni tauni amayendetsamo agalu awo. Kulowa m'nyumba ndiye kolipira, ndipo ndalama yake musaisinthe m'makwacha ngati mukufuna kudya nkhomaliro mwamtendere.

William anayamba kumanga nyumbayi mu 1555 namaliza mu 1587. Ukaiona patali umayesa tauni, chifukwa padenga pali timinara ndi machumuni osawerengeka. Amakulowetsera kukhitchini yakale, kumene pakhoma anapachika zigaza za akamba a m'nyanja amene ankaphika supu. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali kuposa m'zipinda za golide, mwina chifukwa munali kamphepo kofunda, mwinanso chifukwa ndinkaganiza za amene ankatsuka miphika imeneyo. Pali chipinda chimene amati n'cha Elizabeth, koma sanagonemo: atati abwere mu 1566, m'nyumbamo munagwa nthomba, ulendo n'kupatuka. Kumapeto kuli chipinda chimene Antonio Verrio anajambulamo kumwamba, kenako masitepe amene anajambulapo gehena. Ana asukulu amene ndinali nawo anakonda gehena.

Ndinafunsa bambo wina woonetsa alendo kuti kodi malipiro a mlembi angamange zoterezi? Anaseka n'kundiuza za ana amasiye. Kalelo, mwini malo amene ankadalira mfumu akafa n'kusiya wolowa m'malo ali wamng'ono, mfumu inkatenga ulamuliro pa mwanayo ndi minda yake, ndipo ulamulirowo unkagulitsidwa, pamodzi ndi mphamvu yomusankhira wokwatirana naye. Kuyambira 1561 woyang'anira bwalo la nkhani zimenezi anali William Cecil. Aliyense wofuna mwana wamasiye wolemera ankadzera kwa iye, ndipo sankabwera chimanjamanja.

Mzere wa banja unagawikana pa ana ake awiri. Thomas, wa kwa mkazi woyamba Mary Cheke, anabadwa mu 1542, ndipo bambo ake ankamuona ngati wopanda mutu wa zaboma. Robert, wa kwa Mildred Cooke, anabadwa mu 1563, wamfupi, wa linunda, koma wanzeru zoopsa. Lamulo la kuno nthawi imeneyo silinkafunsa za nzeru: nyumba ndi minda zinkapita kwa mwana wamwamuna wachisamba. Thomas anatenga Burghley, Robert anatenga ntchito ya bambo ake. Mu 1605 Mfumu James I inawakweza tsiku limodzi, Thomas kukhala Earl wa Exeter, Robert kukhala Earl wa Salisbury.

Nthambi ya Exeter ili ndi nkhani zake. Henry Cecil, mkazi wake atathawa ndi m'busa, ngongole zili m'khosi, anakabisala m'mudzi wa Great Bolas ku Shropshire n'kumadzitcha John Jones. Kumeneko anakwatira Sarah Hoggins, mwana wa mlimi. Mu 1793 bambo aakulu a Henry atamwalira, mtsikana uja anangozindikira kuti ndi mayi wa nyumba ino. Sanaidyerere, anafa mu 1797. Wina ndi David Cecil, amene anapata mendulo ya golide pa mpikisano wa Olympics ku Amsterdam mu 1928, pa liwiro la mamita 400 lodumpha zotchinga. Atamwalira mu 1981 wopanda mwana wamwamuna wamoyo, dzina laulemu la Marquess linapita kwa mng'ono wake amene ankakhala ku Canada, nyumba n'kutsala m'manja mwa bungwe loisamala. Ndiye lero mwini dzina ali kutsidya kwa nyanja, ndipo wokhala m'nyumbamo ndi mdzukulu wamkazi wa David, amene lamulo la maina silimuwerengera.

Pobwerera nsapato zinali chonyowa. Mayi wina wa galu wamkulu anaima n'kundifunsa ngati ndikupita kutauni. Galuyo ndinamuopa, koma kuzizira kunaposa mantha, ndinakwera.

Lachinayi, panjira ndi ku Hatfield

Kusintha sitima pa Peterborough, kusinthanso pa Stevenage. Pa Peterborough ndinagula tiyi wa mapaundi atatu amene ankangomveka kapu. Palibe china chonena.

Ukatuluka pasiteshoni ya Hatfield, kutsidya kwa msewu kuli chipata chachitsulo, ndipo patsogolo pake pakhala munthu wandevu wa mkuwa, pampando, mutu uli wowerama pang'ono. Ameneyo ndi Robert Gascoyne-Cecil, Marquess wachitatu wa Salisbury, nduna yaikulu ya Britain katatu. Ndiye wandiyendetsa. Mu September 1890 gulu la Cecil Rhodes litakweza mbendera ku Mashonaland, linatcha malowo Fort Salisbury pomulemekeza, ndipo dzinalo linakhala mpaka 1982 pamene mzindawo unasanduka Harare. Agogo anga aamuna anapita kumeneko wapansi kudzera ku Tete, nagwira ukhukhi kwa mzungu wina, ndipo anatchona. Agogo aakazi ankangoti "ali ku Halale", mpaka anasiya kunena. Ku Harare mpaka lero kuli dera lotchedwa Hatfield ndi lina lotchedwa Cranborne, maina a nyumba za banja lomweli.

Nyumba ndiona mawa. Lero ndinakwera kamtunda ka Fore Street kupita ku tchalitchi cha St Etheldreda. Manda a Robert Cecil uja wa linunda ndi odabwitsa: pamwamba wagona iye ndi mikanjo yake yaulemu, akazi anayi a mwala atagwada anyamula phale lake, ndipo pansi pake pagona mafupa okhaokha pamkeka, osemedwanso m'mwala. Wosema anali Maximilian Colt. Nduna yandevu ija ili ndi chikumbutso m'katimo, koma thupi lake linaikidwa panja, m'manda a banja.

Ndagona kwa mtsikana wa kwathu amene akuphunzira payunivesite ya m'tauni muno. Sitinkadziwana, anatilumikiza ndi amayi ena a kutchalitchi. Ndinangofika iye ali kale ndi mthiko m'manja.

"Achimwene, usipa ndi womaliza umenewu, musauyang'ane kawiri."

"Achemwali, ndikadya pang'ono mudzati ndanyoza."

Amakhala pano koma sanalowepo m'nyumba ya a Cecil. Akuti akapeza tsiku lopuma amagona, ndipo ndalama yolowera ndi ya magetsi a sabata. Ndinamumvetsa. Ndagona pampando wautali, miyendo ili panja.

Lachisanu, Hatfield House

Choyamba kuona ndi chotsala cha nyumba yachifumu yakale ya njerwa zofiira, imene Bishopu John Morton anamanga cha m'ma 1485. Elizabeth anakulira muno, ndipo akuti uthenga woti wakhala mfumukazi unamupeza pansi pa mtengo wina m'pakimu mu November 1558. Mtengowo unauma, ndipo umene ulipo anabzala Elizabeth II mu 1985. A Cecil malowa sanawasankhe okha. James I anasirira nyumba yawo ya Theobalds, ndiye mu 1607 anawauza kuti asinthane. Mfumu ikasirira sukana. Robert anagwetsa mbali zitatu za nyumba yakaleyo, njerwa zake n'kumangira yatsopano, koma anafa mu 1612 atangoimaliza, asanaikhale n'komwe.

M'kati muli chithunzi cha Elizabeth atagwira utawaleza, chovala chake chili ndi maso ndi makutu paliponse, zoyenera nyumba ya munthu amene ankaweta akazitape ndipo anagwira chiwembu cha 1605 chofuna kuphulitsa nyumba ya malamulo ndi onga. Mulinso chikopa chachitali cholembapo makolo a mfumukaziyo mpaka kwa Adamu ndi Hava. Pamenepo ndinaseka mokweza, mayi woyang'anira chipinda n'kuseka nane.

Pambuyo pa Robert banjali linagona tulo zaka pafupifupi 200, osatulutsa munthu wodziwika. Linadzuka ndi akazi. Emily Mary, mkazi wa Marquess woyamba, ankasaka pakavalo mpaka ukalamba, ndipo anafera m'moto umene unapsereza mbali ya kumadzulo ya nyumbayi mu 1835, ali ndi zaka 85. Mwana wake anakwatira Frances Gascoyne mu 1821, mtsikana wa chuma cha ku Liverpool, ndipo chumacho chinabwera ndi dzina lake, n'chifukwa chake amati Gascoyne-Cecil. Bambo ake a Frances, Bamber Gascoyne, anali phungu wa Liverpool amene ankatsutsa zothetsa malonda a akapolo. Zimenezo palibe anandiuza m'nyumbamo, ndinabwera nazo ndekha.

Mwana wa Frances ndiye wandevu uja. Anabadwira muno mu 1830. Kusukulu ya Eton anzake ankamuzunza mpaka anamuchotsako. Sanali wachisamba, ndiye sankayembekeza kanthu. Anayenda ku Cape, ku Australia ndi ku New Zealand, nabwerera n'kukhala phungu wa Stamford mu 1853, mpando umene unali m'thumba la abale ake a ku Burghley. Mu 1857 anakwatira Georgina Alderson, mwana wa woweruza milandu, bambo a mnyamatayo asakufuna, ndipo anayamba kudyera kulemba nkhani m'magazini. Mkulu wake, amene anali wosaona, anafa mu 1865, bambo ake mu 1868, zonse n'kugwera iye. Ankakonda zoyesayesa za sayansi, moti analowetsa magetsi muno mu 1881, ndipo mawaya akathetheka kudenga, ana ankaponya mapilo kuti azime moto.

Tsono za ife. Apwitikizi ankafuna lamba wa dziko kuchokera ku Angola mpaka ku Mozambique, mapiri a Shire ali m'kati. Amishoni a ku Scotland a ku Blantyre ndi Livingstonia anakuwa kwawo, mipingo n'kutumiza kwa Salisbury chikalata cha maina a abusa ndi akulu a mpingo masauzande. Iye poyamba sankafuna kuwononga ndalama pa dziko lopanda doko. Koma mu November 1889 asilikali a Serpa Pinto anawombera Amakololo kunsi kwa Shire, anthu amene anali atanyamula mbendera za Britain, ndipo pa 11 January 1890 Salisbury analamula Portugal kuti ichotse asilikali ake, apo ayi kazembe wa Britain achoka ku Lisbon. Portugal inagonja, boma lake n'kugwa. Pa 1 July chaka chomwecho anagwirizana ndi Germany: anapereka kachilumba ka Heligoland, malire a kumpoto n'kutsata mtsinje wa Songwe ndi gombe la kum'mawa kwa nyanja, pepala lomwe mpaka lero timatulutsa tikamakangana ndi Tanzania. Mu May 1891 dziko lathu linalengezedwa kuti lili pansi pa chitetezo cha Britain, Harry Johnston n'kukhala bwanamkubwa, ndipo pangano la June 1891 ndi Portugal linasiya Likoma ndi Chizumulu mbali yathu chifukwa cha mishoni. Mukaima pa Lizulu n'kuona kuti kutsidya kwa msewu ndi Mozambique pamene anthu ake ndi amodzi, dziwani kuti mzerewo unachokera m'mapangano a nthawi ya munthu ameneyu, amene sanaponde pa Shire ngakhale tsiku limodzi. Mwiniwake sankabisa. Pa phwando lina ku London mu 1890 anaseka kuti iwo ndi France akhala akupatsana mapiri, mitsinje ndi nyanja, chovuta chaching'ono chokha n'chakuti sankadziwa pamene zinthuzo zili.

Ndinayembekeza kuti ndipsa mtima. M'malo mwake ndinasokonezeka. Akanapanda kulemba kalata ya January ija, mwina bwenzi ndikulemba izi m'Chipwitikizi, ndipo nkhondo imene inasautsa Mozambique mpaka 1992 ikanakhala yathunso. Koma sanachitire ife. Anachitira mavoti a ku Scotland ndi ulemu wa mbendera. Kumuthokoza sindingathe, kumutukwana kokhanso sikukukwana. Ndinakhala pabenchi m'munda n'kudya buledi amene achemwali aja anandikulungira.

Atatula pansi udindo mu 1902, wolowa m'malo anali Arthur Balfour, mwana wa mlongo wake Blanche. Boma lake lomaliza linadzaza abale mpaka anthu ankalitcha Hotel Cecil. Kuno zimenezo ankaziona ngati kukondera, koma ankhoswe a ku Dedza akanangogwedeza mutu kuti mpando wapita koyenera, kwa mwana wa mlongo. Nyumba ndi dzina, zimenezo zinapita kwa mwana wake wamwamuna monga mwa lamulo lawo. Iye anafa muno mu August 1903.

Loweruka, London

Sitima ya ku King's Cross sitenga theka la ola. Ndinakhala moyandikana ndi nesi wa ku Zimbabwe wochokera kuntchito, ndipo nditamuuza kumene ndinali anaseka mpaka misozi: anakulira ku Hatfield wa ku Harare, n'kudzapezeka akuchita lendi ku Hatfield wa kuno. Amayi ake akuti ndi a ku Mulanje. Anandipatsa moni wa Chichewa chothyokathyoka, n'kundigawira mabisiketi.

Ndinamuuza zimene sindinalembe dzulo. Banjali silinasiye za kwathu mu 1891. Mwana wina wa nduna ija, Robert, analandira mphotho ya Nobel ya mtendere mu 1937 chifukwa cha League of Nations, bungwe la maiko limene linalipo United Nations isanabwere. Koma mdzukulu wa ndunayo, Marquess wachisanu, anali mnzawo wapamtima wa azungu a ku Rhodesia nthawi ya chitaganya. Iain Macleod, nduna ya maiko a atsamunda imene inatulutsa Kamuzu kundende ya Gwelo pa 1 April 1960, anaiona nkhwangwa yake: mu March 1961 Marquess ameneyu anaima m'Nyumba ya Malodi, nyumba yachiwiri ya malamulo ya Britain, n'kumunena kuti ndi wochenjeretsa, woti akuchita ndi azungu a ku Africa ngati adani pa masewera a makadi. Mu 1978 mnyamata wa banjali, Lord Richard Cecil, anaphedwa ku Rhodesia akujambula nkhondo. Ndipo Marquess wa lero, wachisanu ndi chiwiri, ndi amene mu 1998 anapangana mwamseri ndi boma la Tony Blair kuti malodi 92 obadwa nawo udindo atsale m'nyumba ija pamene ena onse ankachotsedwa, mtsogoleri wa chipani chake n'kumuchotsa ntchito chifukwa cha zimenezo. Nesi uja anatsika pa Finsbury Park ndisanamalize.

Malo otchuka ndawalambalala. Ndinapita ku Cecil Court, kanjira kopanda magalimoto pakati pa Charing Cross Road ndi St Martin's Lane, kodzaza timasitolo ta mabuku akale ndi mapu. Malowa Robert wa linunda uja anawagula m'masiku a James I, ndipo akadali a banjali, lendi ikupitabe komweko. Mu sitolo ina bambo wa magalasi ananditulutsira mapu a British Central Africa, Zomba italembedwa ngati likulu, Fort Johnston pamene pali Mangochi, Port Herald pamene pali Nsanje. Mtengo wake unali woposa zonse zimene ndawononga paulendowu. Anaona nkhope yanga n'kunena kuti ndikhoza kujambula ndi foni, bola ndisayatse kuwala. Ndajambula, ndipo ndatumiza kale pagulu la banja, kumene atsibweni ayamba kutsutsa kuti mudzi wathu anauika polakwika.

Yatsala nyumba ya Cranborne ku Dorset, imene wolowa m'malo amatengerako dzina la Viscount Cranborne. Sitima sifika m'mudzimo. Amene muli ndi galimoto cha ku Bournemouth kapena Southampton, ndiuzeni, mafuta tigawana.